Donald, Dòmhnall kapena Dónal: kodi mwanayu timulembetse dzina liti?

Funso: "Ine ndine Mmalawi wochokera ku Zomba, ndipo ndimagwira ntchito ya unamwino mumzinda wa Inverness ku Scotland. Mayi a kunyumba ndi oyembekezera, ndipo atiuza kuti mwanayo ndi wamwamuna. Tagwirizana kuti timutche Donald, dzina la malemu agogo anga amene anabatizidwa ku mishoni ya Domasi. Nditanena zimenezi kuntchito, mnzanga wa ku chilumba cha Lewis, kumadzulo kwa Scotland konkuno, anati Donald si dzina lenileni, lenileni ndi Dòmhnall, ndipo atalitchula sindinamve n'komwe kufanana kwake. Wina wa ku Ireland anati kwawo amati Dónal, ndipo ati ndi chimodzimodzi ndi Daniel. Komanso achimwene anga kumudzi dzina lawo loyamba ndi McDonald. Kodi mayina onsewa ndi amodzi? Nanga mwanayu timulembetse liti kuti asadzavutike?"

Yankho: Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mayi a kunyumba tikuwafunira kuti adzachire bwino nthawi yawo ikakwana. Mtima wanu ukhale m'malo, pakuti agogo anu sanapatsidwe dzina lolakwika kapena loperewera. Donald, Dòmhnall ndi Dónal ndi dzina limodzi lomwelo, limene lavala malaya osiyana malinga ndi anthu amene akulitchula ndi kulilemba. Mnzanu wa ku Lewis akunena zoona pa nkhani ya kumene dzinali linachokera, ngakhale kuti mawu ake akuti "lenileni" ndi ofunika kuwaunika bwino. Mnzanu wa ku Ireland wanena zoona theka lokha: Dónal ndi Donald ndithu, koma Daniel ndi dzina lina, lochokera ku Chiheberi, ndipo chimene chinachititsa kuti awiriwa aziyendera limodzi ku Ireland ndi mbiri ya ulamuliro, osati chibale cha mawu.

Dzinali ndi la chinenero cha Gaelic, chimene pano ndichitchule kuti Chigeliki. Chigeliki cha ku Ireland, cha ku Scotland ndi cha ku chilumba cha Man zinatuluka m'chinenero chimodzi, ndipo m'mabuku akale a chinenero chimenecho, amene ankalembedwa ndi amonke, dzinali limapezeka lili Domnall. Akatswiri a zinenero ataliyerekeza ndi mayina ofanana nalo a ku Wales ndi a anthu akale a ku Gaul, dziko limene lero ndi France, anapeza kuti linapangidwa ndi mawu awiri. Oyamba ndi dumno kapena dubno, amene poyamba ankatanthauza chinthu chakuya ndipo kenako anayamba kutanthauza dziko lonse lapansi. Achiwiri ndi walos, kutanthauza wolamula kapena wamphamvu. Choncho Domnall ndi "wolamula dziko". Umboni wake ulipo ndithu. Mpaka lero mawu a Chigeliki cha ku Ireland otanthauza dziko lapansi ndi domhan. Mbali yachiwiri ija imapezekanso m'mayina a Cathal, Tuathal ndi Conall. Ku Wales dzina lomweli ndi Dyfnwal, ndipo mafumu angapo a ufumu wakale wa Strathclyde, m'dera limene muli Glasgow lero, ankatchedwa choncho. Mbali yoyamba imaonekanso m'dzina la Dumnorix, mtsogoleri wa ku Gaul amene anaphedwa ndi asilikali a Julius Caesar m'chaka cha 54 Yesu asanabadwe.

Tsopano chimene chinakuzunguzani, kuti mnzanu atalitchula simunamve kufanana kwake ndi zimene zalembedwa, chimachokera pa khalidwe lalikulu la Chigeliki, limene ndi kufewetsa makonsonanti ena akakhala pakati pa mawu kapena pambuyo pa mawu ena. Lembo la m limene lili mu Domnall linkatchulidwa mofewa kale lomwe, ndipo patapita zaka alembi anayamba kuika h pambuyo pake posonyeza kufewako, n'kupanga Domhnall. Ku Scotland kufewaku kunapitirira mpaka mh anasiya kumveka, n nayenso anamezedwa, ndipo chimene chinatsala ndi o wautali wotulukira pang'ono m'mphuno. Munthu wa ku Lewis amati "Too-ul", maphatikizo awiri okha. Pano inu muli ndi mwayi umene Mngerezi alibe, chifukwa d wa Chigeliki cha ku Scotland amamveka ngati t wathu wopanda mpweya wa m'mawu akuti "atate", osati th wa m'mawu akuti "thumba". Kachizindikiro kali pamwamba pa o kakungosonyeza kuti vawelo ameneyo ndi wautali. Ku Ireland n anatsala, n'chifukwa chake Dónal amamveka "Doonal", ndipo wosewera mafilimu Domhnall Gleeson, amene amasunga kalembedwe kakale, dzina lake limatchulidwa chimodzimodzi.

Nanga d wa kumapeto kwa Donald anachokera kuti, poti m'Chigeliki mulibe? Anawonjezedwa ndi anthu olankhula zinenero zina. Alembi a Chilatini ankalemba Dovenaldus kapena Donaldus, ndipo akatswiri amapereka zifukwa ziwiri zimene mwina zinagwira ntchito pamodzi: l wolemera wa kumapeto kwa Domhnall ankamveka m'makutu mwa alendo ngati ld, komanso alendowo anali atazolowera kale mayina othera ndi ald monga Ronald, Reginald ndi Archibald. Chofunika kudziwa n'chakuti kalembedwe ka Donald kakhalapo kwa zaka mazana ambiri ku Scotland komweko, ndipo si kalembedwe kamene amishoni anapeka atafika kwathu.

Mbiri ya dzinali ndi ya mafumu ndi nkhondo. Pa nkhondo ya ku Mag Rath m'chaka cha 637, kumpoto kwa Ireland, mfumu ya ku Ireland Domnall mac Áedo inagonjetsa gulu limene linkathandizidwa ndi ufumu wa Dál Riata wa kumadzulo kwa Scotland, umene mfumu yake inalinso Domnall, wotchedwa Domnall Brecc, kutanthauza wamawangamawanga pankhope. Domnall Brecc ameneyu anaphedwa cha m'ma 642 ku Strathcarron ndi asilikali a ku Strathclyde. Pamndandanda wa mafumu a Scotland pali a Domnall atatu. Woyamba, mbale wake wa Cináed mac Ailpín amene m'Chingerezi amati Kenneth MacAlpin, analamula kuyambira 858 mpaka 862. Wachiwiri anamwalira m'chaka cha 900, ndipo ndiye woyamba amene mabuku a ku Ireland anamutcha mfumu ya Alba, dzina limene olankhula Chigeliki amatchulira Scotland mpaka lero. Wachitatu, Domnall Bán, analowa ufumu mu 1093 mbale wake Malcolm atamwalira, ndipo anachotsedwa mu 1097 ndi Edgar, mwana wa mbale wakeyo, mothandizidwa ndi Angerezi. Kuchokera pamenepo sipanakhalenso mfumu ya Scotland yotchedwa dzinali, ndipo linakhazikika kwambiri kumapiri ndi kuzilumba za kumadzulo, kumene Chigeliki chinapitiriza kulankhulidwa.

Kuzilumbako ndiye kumene kunachokera dzina la achimwene anu. Somerled, mtsogoleri wamphamvu wa kuzilumba amene anaphedwa mu 1164, anali ndi mwana dzina lake Raghnall, ndipo Raghnall anabereka Dòmhnall. Zidzukulu za Dòmhnall ameneyu zinatchedwa Clann Dòmhnaill, ana a Dòmhnall, ndipo atsogoleri awo analamula zilumba kuchokera ku Finlaggan pa chilumba cha Islay mpaka mfumu James IV inawalanda ulamulirowo mu 1493. Mac ndi mwana wamwamuna, choncho MacDhòmhnaill ndi mwana wa Dòmhnall, ndipo kuchokera pamenepo tili ndi MacDonald, Macdonald, McDonald, MacDonell ndi McDonnell. Donaldson ndi tanthauzo lomwelo m'mapangidwe a Chingerezi. Mc ndi chidule chabe cha Mac, ndipo nkhani imene mudzaimve yoti Mc ndi wa ku Ireland pamene Mac ndi wa ku Scotland ilibe maziko. Ku Ireland kuli Ó Domhnaill, mdzukulu wa Domhnall, amene m'Chingerezi ndi O'Donnell, banja limene linkalamula dera la Donegal. Mkazi satchedwa Mac kapena Ó: ku Scotland ndi NicDhòmhnaill, ku Ireland ndi Ní Dhomhnaill, monga mlakatuli Nuala Ní Dhomhnaill. Ku Scotland, McDonald ndi mfunda, ndipo kumva kuti ndi dzina loyamba la munthu kumawadabwitsa, koma kwathu ndi chizolowezi chodziwika kutenga mfunda wa mzungu n'kuusandutsa dzina loyamba. Ngati bambo anu anatcha achimwene anuwo McDonald pokumbukira agogo, ndiye kuti anagunda pafupi kwambiri ndi tanthauzo la mawuwo, kaya ankadziwa kapena ayi.

Mwaona kuti m'mayina amenewa Dòmhnall wasanduka Dhòmhnaill. Ichi ndi chinthu chimene muyenera kuchidziwa musanasankhe kalembedwe ka Chigeliki, chifukwa dzina la Chigeliki limasintha malinga ndi ntchito yake m'chiganizo. Ponena za munthuyo amati Dòmhnall, koma pomuitana amati "a Dhòmhnaill", ndipo kusintha komweko kumachitika ponena za chinthu chake. Dh ameneyu si d konse, koma amamveka ngati gh wa Chitumbuka wa m'mawu akuti "ghanaghana". Choncho mwana wanu akadzapita ku sukulu yophunzitsa m'Chigeliki, imene ku Inverness ilipo, aphunzitsi adzamuitana "a Ghoo-il", kaya mu kaundula munalembedwa Donald kapena Dòmhnall.

Tibwere kwa Daniel. Tanthauzo lake m'Chiheberi ndi "Mulungu ndiye woweruza wanga", ndipo alibe chibale chilichonse ndi Domhnall. Pa nthawi imene Ireland inali pansi pa ulamuliro wa Angerezi, mabuku a boma ndi a mipingo ankalembedwa m'Chingerezi kapena m'Chilatini, ndipo alembi ankasinthanitsa mayina a Chigeliki ndi mayina a m'Baibulo kapena a oyera mtima amene ankamveka mofananako. Domhnall anasanduka Daniel, monga momwe Tadhg anasandukira Timothy ndi Diarmaid anasandukira Jeremiah. Daniel O'Connell, amene anamenyera ufulu wa Akatolika wolowa m'nyumba ya malamulo mpaka unaperekedwa mu 1829, m'Chigeliki amatchedwa Dónall Ó Conaill. Mnzanuyo anakulira m'chizolowezi chimenechi, ndipo kwawo n'zoona kuti Dónal ndi Daniel angathe kukhala munthu mmodzi. Koma inu musatche mwana Daniel poganiza kuti mwasunga dzina la agogo. Mayina ena amene anthu amawasokoneza ndi Donald chifukwa cha kamvekedwe ndi Duncan, amene m'Chigeliki ndi Donnchadh, ndi Dougal, amene ndi Dùghall. Onsewa ndi mayina apaokha.

Kuchuluka kwa kalembedwe kumene mudzaone pa intaneti kunabwera makamaka chifukwa cha kukonzedwa kwa malamulo a kalembedwe. Ku Ireland, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, boma linachotsa zilembo zambiri zosatchulidwa, ndipo Domhnall anasanduka Dónall kapena Dónal, amene m'Chingerezi amalembedwa Donal popanda kachizindikiro. Ku Scotland malamulo a 1981 analimbikitsa kulemba a m'malo mwa u m'maphatikizo osatsindikidwa, n'chifukwa chake m'mabuku akale ndi pa miyala ya pamanda mudzaona Dòmhnull pamene lero amalemba Dòmhnall. Onaninso kuti kachizindikiro ka ku Scotland ndi ka ku Ireland kamapendekera mbali zosiyana, ndipo kusakaniza ziwirizi ndiko kulakwitsa kumene eni chinenero amakuona msanga.

Mawu a mnzanu wa ku Lewis akuti "lenileni" muwamve ndi chifundo, chifukwa ali ndi mbiri yowawa kumbuyo kwake. Boma litayamba kulemba ana obadwa ku Scotland mu 1855, alembi ankalemba mayina m'Chingerezi, kotero kuti munthu amene kwawo konse ankamudziwa kuti Dòmhnall ankapezeka ali Donald pa pepala lililonse la boma. Lamulo la maphunziro la 1872 silinapereke malo kwa Chigeliki m'sukulu, ndipo ana ambiri ankalangidwa akachilankhula. Pofika pa kalembera wa 2011, olankhula Chigeliki ku Scotland anali pafupifupi 57,000 okha. Mmalawi amene anavekedwapo chikwangwani pakhosi kusukulu chifukwa cholankhula Chichewa sangavutike kumvetsa chifukwa chake munthu wotere amaumirira pa kalembedwe ka kwawo. Komabe kwa agogo anu, amene anabatizidwa Donald ndipo anakhala moyo wawo wonse akuitanidwa Donald, kapena "a Donadi" monga timatchulira kwathu, dzina lenileni ndi lomwelo.

Chimene ndikuona kuti mnzanuyo angakondwere nacho n'chakuti zimene mukuchitazi n'zofanana kwambiri ndi mwambo wa kwawo. Kuzilumba, mwana wamwamuna woyamba ankatchedwa dzina la agogo ake a kuchimuna, wachiwiri la agogo a kuchikazi, ndipo mwambowu unachulukitsa a Dòmhnall mpaka m'banja limodzi munkapezeka awiri. Pakakhala kuti palibe mwana wamwamuna, mwana wamkazi ankatchedwa Donalda, Donaldina kapena Dolina kuti dzina lisatayike. Powasiyanitsa ankaphatikiza mayina awiri, monga Dòmhnall Iain, kapena ankawonjezera mawu ofotokoza: Dòmhnall Mòr wamkulu, Dòmhnall Beag wamng'ono, Dòmhnall Bàn wa tsitsi loyera, Dòmhnall Ruadh wa tsitsi lofiira. Mlakatuli wa ku chilumba cha North Uist amene anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yemwe pa mapepala anali Donald MacDonald, amadziwika ndi onse kuti Dòmhnall Ruadh Chorùna. Pali limodzi lokha limene ndikuchenjezeni: Dòmhnall Dubh, kutanthauza wa tsitsi lakuda, linali dzina la anthu enieni m'mbiri, koma ndi dzinanso limene olankhula Chigeliki amatchulira Satana mwanthabwala. Wina akadzafuna kumutcha mwana wanu choncho, ngakhale mosaganiza zoipa, muli ndi chifukwa chokanira.

Kwathu dzinali linabwera ndi amishoni a ku Scotland, amene anakhazikitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876. Duff Macdonald anatsogolera mishoni ya Blantyre kuyambira 1878 mpaka 1881, ndipo Donald Fraser, wochokera ku Argyll, anafika mu 1896 n'kugwira ntchito pakati pa Angoni a kumpoto, makamaka ku Loudon kumene lero timati Embangweni, mpaka 1925. Obatizidwa ambiri ankatenga mayina a amishoni, a aphunzitsi, kapena a anthu a ku Scotland amene ankawalipirira sukulu. Amene angakuuzeni za agogo anu ndi akuluakulu a m'banja mwanu ndi kaundula wa ubatizo, osati mndandanda wa amishoni otchuka, ndipo ndikulangizani kuti musamange nkhani ya banja pa kungofanana kwa dzina.

Tsopano pa kusankha. Pa zaka zimene ndakhala ndikufufuza ndi kuphunzitsa za mayina, mavuto amene ndawaona sanabwere chifukwa cha tanthauzo la dzina koma chifukwa cha kusiyana kwa kalembedwe pa mapepala a munthu mmodzi. Ndikukumbukira mnyamata wina amene satifiketi yake ya sukulu inalembedwa Donard, poti ife l ndi r timawasinthanitsa osazindikira, pamene pasipoti yake inali Donald. Atapeza malo ophunzira kunja, anataya miyezi akuyenda m'maofesi ndi kulumbira pamaso pa loya kuti Donard ndi Donald ndi munthu mmodzi. Ngati lembo limodzi lokha lingachite zimenezi, taganizani za Dòmhnall m'manja mwa mlembi wa kwathu amene sanalionepo, kapena agogo a mwanayo kumudzi akuyesa kuliwerenga. Mudziwenso kuti pasipoti ya ku Britain siika tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo, ndipo mizere ya pansi pa tsamba la pasipoti iliyonse, imene makina amawerenga, ilibenso tizizindikiroti. Choncho mwana wolembedwa Dòmhnall pa kalata ya kubadwa adzakhala Domhnall pa pasipoti, ndipo nthawi zina makompyuta a mabanki ndi a ndege adzasokoneza lembo lokhala ndi kachizindikirolo.

Maganizo anga ndi akuti mumulembetse Donald, monga analembedwera agogo anu. Cholinga chanu ndi kudzutsa dzina la agogo, ndipo Donald amawerengeka ku Zomba, ku Inverness ndi kulikonse kumene mwanayo angadzapite. Posankha choncho simukutaya Dòmhnall, chifukwa olankhula Chigeliki adzamutcha choncho okha, monga amachitira ndi a Donald onse a kwawo, ndipo iye akadzakula n'kuchikonda chinenerocho angathe kumadzilemba Dòmhnall pa zolemba zake za Chigeliki popanda kusintha mapepala a boma. Kalembedwe ka Chigeliki kangakhale koyenera ngati banja lanu latsimikiza zokhazikika kumpoto kwa Scotland ndi kuphunzitsa mwanayo m'chinenerocho, ndipo mukatero mulembe molondola ndithu, ndi kachizindikiro ka ku Scotland. Dónal ndi Donal ndi abwino, koma aliyense ku Britain adzaganiza kuti mwanayo ali ndi makolo a ku Ireland. Kumupatsa Donald ndi Dòmhnall pamodzi sindikulimbikitsa, poti ndi kutcha dzina limodzi kawiri, ndipo malo a dzina lachiwiriwo ndi bwino kuikapo dzina la Chichewa limene a kwanu kapena a kwa mayi angasankhe. Muyembekezerenso kuti ku Scotland anzake adzamufupikitsa kukhala Don kapena Donnie, ndipo ena adzatchula za Donald Trump, amene mayi ake anabadwira ku Lewis komweko. Ku Scotland kuli a Donald ena olemekezeka, monga Donald Dewar, nduna yaikulu yoyamba ya boma la Scotland kuyambira 1999 mpaka 2000.

Ku Scotland mwana amayenera kulembetsedwa pasanathe masiku 21 chibadwire, choncho mugwirizane ndi mayi ndiponso akuluakulu a kumudzi nthawi isanakwane. Pa tsikulo mupite ndi pepala lolembedwa dzina lonse m'zilembo zazikulu, ndipo muwerenge lembo ndi lembo zimene mlembi walemba musanasaine, kuphatikizapo mfunda wanu. Ngati mukufuna kuti mwanayo adzakhale ndi mapepala a ku Malawi, funsani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku London za zimene zikufunika pa nthawi ino, ndipo kalembedwe ka pa kalata ya kubadwa ya ku Scotland kakhale komweko pa fomu iliyonse. Mukadzapeza kuti mapepala asiyana kale, musadikire kuti mwana akule: pitani ku ofesi ya kaundula kumene munalembetsa, ndipo ngati kusiyanako kukukhudza mayiko awiri, onanani ndi loya wodziwa za unzika. Pa za agogo anu, yambani ndi abusa a mpingo wa CCAP ku Domasi ndi ofesi ya sinodi ya Blantyre, kenako National Archives of Malawi ku Zomba, ndipo mupite ndi mfunda wa agogo, mudzi wawo, mfumu yawo ndi zaka zimene mukuganiza kuti anabatizidwa, chifukwa m'mabuku amenewo a Donald mudzawapeza ambiri.